Mpeni Wopinda Wofukulidwa M'nthaka

Lero tikambirana za kanthu kamene khasu lingathe kufukula m'munda wa sukulu kapena pa bwinja m'boma la Lundazi: mpeni wopinda, wodyeka ndi dzimbiri. Mwana akautola amathamangira kukaunola pamwala kuti uwale. Musatero, ana inu. Mwala umafafaniza malemba, pamene malembawo ndiwo angatiuze mbiri ya mpeniwo.

Makolo athu anali ndi amisiri amene ankayenga chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mipeni. Koma mipeni yawo sinali yopinda. Chitsulo ankachikhomera m'chigwiriro cha mtengo. Mpeni umene chitsulo chake chimazungulira pa kamsomali ndi kubisala m'chigwiriro ndi wa m'fakitale. Motero mpeni wanuwo ndi mlendo, ndipo mlendo timamufunsa kumene wachokera ndi amene wabwera naye.

Yang'anani patsinde pa chitsulo, pafupi ndi chigwiriro, pakuti opanga amadinda chizindikiro chawo pamenepo. Mukawerenga dzina lakuti Sheffield, dziwani kuti ndi mzinda wa ku England wotchuka ndi mipeni. Kanyenyezi ndi kamtanda n'chizindikiro cha kampani ya kumeneko ya Joseph Rodgers. Katundu wa ku Ulaya wotere ankafika kuno kudzera m'masitolo, monga a kampani ya African Lakes, yoyambidwa mu 1878, imene anthu ankaitcha Mandala, ndi a Amwenye. Ngati mpeni wagona m'nthaka koma dzimbiri silinaugwire kwenikweni, mwina ndi wa chitsulo chosachita dzimbiri. Chitsulochi anachitulukira Harry Brearley ku Sheffield komweko mu 1913, choncho mpeni wotere sungakhale wa nthawi ya nkhondo ya Mpezeni ya mu 1898.

Mungathenso kupeza mpeni wa chigwiriro cha mtengo, wokhala ndi mphete kumsana imene munthu amakoka pofuna kuutseka. Umenewo ndi Okapi, dzina la nyama ya m'nkhalango za ku Congo. Mipeniyi inayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, ndipo mu 1988 ntchitoyo inasamukira ku South Africa. Wolembedwa Germany angakhale unabwera m'thumba la mtchona wobwerera kuchokera ku Salisbury, Harare wa lero, kapena ku migodi. Wolembedwa South Africa ndi wa dzulodzuloli. Ndi mwana poyerekeza ndi nyumba ya Castle ya pa boma, yomangidwa cha m'ma 1950.

Palinso mpeni wolemera, wokhala ndi chotsegulira zitini, nthawi zina ndi chisonga chomasulira mfundo za zingwe. Mukaonapo kachizindikiro konga mutu wa muvi pamodzi ndi chaka, unali katundu wa asilikali a Britain. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 amuna a dziko lino analowa m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, ena nafika mpaka ku Burma. Mpeni wotere ungakutsogolereni ku banja la msilikali wakale.

Komabe chenjerani. Chizindikiro chimanena nthawi imene mpeni unapangidwa, osati imene unatayika. Mpeni umodzi ungatumikire agogo, atate ndi mdzukulu. Mwini wake chitsulo sichingamutchule. Amenewo angawakumbuke ndi akuluakulu a m'mudzi.

Tsono aphunzitsi, mwana akabwera ndi mpeni wotere, lembani tsiku, malo ndi kuya kwake kwa pamene unapezeka, ndi zina zimene zinali pambali pake, monga mapale kapena mikanda. Chotsani dothi ndi kansalu kofewa, ndipo musaukakamize kutseguka, pakuti ungathyoke. Bala la chitsulo cha m'dothi lingabweretsenso kafumbata. Ana aupime ndi kuujambula m'makope mwawo. Ngati malowo akuoneka ngati manda kapena mudzi wakale, lekani kukumba, dziwitsani amfumu, ndipo lemberani bungwe la National Heritage Conservation Commission kapena Livingstone Museum.

Nayi ntchito yanu ya sabata ino, ana inu. Pitani kwa agogo mwaulemu, muwafunse kuti mpeni wawo woyamba wopinda anaupeza kuti, ndipo unali ndi chizindikiro chotani. Mulembe mayankho awo ndi kuwawerenga m'kalasi. Tsalani bwino.