Nsomba zodya zinzake ndi kakulidwe ka nsomba m'madzi athu

M'nyanja, m'mitsinje ndi m'madamu muli nsomba zomwe chakudya chake ndi nsomba zinzake. Kuno ku Malawi zodziwika kwambiri ndi ncheni, kampango ndi mlamba. Ncheni imasaka usipa ndi utaka pakati pa nyanja ya Malawi, kampango amasaka usiku pansi pa madzi, pomwe mlamba sasankha chakudya ndipo amameza ngakhale tiana ta nsomba.

Ambiri amaziona nsombazi ngati zowononga chabe, koma zimathandizanso kuti nsomba zotsala zikule. Chakudya cha m'madzi chili ndi malire. Nsomba zikaswana mopitirira muyeso zimalimbirana chakudyacho ndipo zimapinimbira. Zolusazo zikachepetsako gululo, zopulumuka zimadya mokwanira n'kunenepa.

Izi zimaonekera bwino pa ulimi wa makumba. Nsombayi imayamba kuswana ikadali yaing'ono, moti damu limadzaza ndi tinsomba tosagulitsika pamtengo wabwino. N'chifukwa chake alimi ena amaika milamba yochepa m'damu la makumba kuti izidya tiana tochulukato. Alimi a ku Mitundu ndi ku Nathenje ali pafupi ndi gwero la nzeru zotere, pakuti ku Bunda sukulu ya ukachenjede ya LUANAR imaphunzitsa za ulimi wa nsomba ndipo ili ndi madamu ochitiramo kafukufuku.

Nsomba yolusa imameza chokhacho chomwe chingalowe m'kamwa mwake. Motero mwana wa nsomba amene wakula msanga amachoka msanga pangozi, ndipo mlimi sayenera kuika milamba yoposa makumba ake msinkhu. Mantha nawonso ali ndi mbali yake: nsomba zikamabisala m'bango kapena m'miyala nthawi yaitali, zimadya pang'ono ndipo zimachedwa kukula. Chambo chachikazi chimateteza mazira ndi ana ake powasunga m'kamwa.

Zinthu zimasokonekera nsomba yolusa ikachokera kwina. Nile perch, yomwe inaikidwa m'nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1950, inachuluka zedi m'ma 1980, ndipo inathandizira kuti mitundu pafupifupi 200 ya nsomba zing'onozing'ono za m'nyanjayo isowe. Nsomba za m'nyanja ya Malawi zambiri ndi za banja limodzi ndi zomwe zinasowazo, choncho kubweretsa nsomba zachilendo m'madzi olowera m'nyanjayi n'koopsa kwa asodzi ndi ogula omwe.