Nambala ya Ntcheu: 659,608

Lero ndati ndilembeko za nambala imene ndimakonda kupatsa ana anga a Fomu 2 tikafika pa mutu wa ma prime number. Nambalayi ndi 659,608, chiwerengero cha anthu amene kalembera wa mu 2018 anapeza m'boma lathu lino la Ntcheu.

Tiyambe ndi masamu. Manambala atatu omalizira, 608, amagawika ndi 8, choncho nambala yonse igawikanso ndi 8, ndipo tipeza 82,451. Apa ana ambiri amagwa ulesi, chifukwa 3, 7, 11, 13 mpaka 37 onse amakana. Wopirira amafika pa 41, n'kupeza 2011. Nayo 2011 sigawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Ndiye kuti mu 2018 anthu a ku Ntcheu anali 2 x 2 x 2 x 41 x 2011.

Kodi 41 ndi 2011 zikutanthauza chiyani? Palibe. Mwana mmodzi akanabadwa usiku wa kalembera, zonsezi zikanasintha. Nambala yochita kuwerenga munthu mmodzimmodzi imakhala yotero, yosasalala.

Kale sizinali choncho. Atsamunda atayamba kulamula dziko lino mu 1891, chimene ankafuna kudziwa chinali nyumba zokhoma msonkho. Msonkhowo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinawadanitsa ndi Inkosi Gomani Chikuse, amene anaphedwa ndi asilikali awo kuno ku Ntcheu mu 1896. Pa akalembera oyambirira a Nyasaland, monga wa 1911, anthu akuda sankawerengedwa mmodzimmodzi. Ankatenga mabuku a msonkho n'kuchulukitsa ndi nambala yongoganizira ya anthu a pa nyumba imodzi. Tiyerekeze kuti mwachulukitsa nyumba ndi 3. Yankho lanu lidzagawika ndi 3 nthawi zonse, osati chifukwa cha anthuwo koma chifukwa cha cholembera chanu. Ndipo amene anathawa msonkho, pamodzi ndi banja lake lonse, mulibemo.

Kalembera woyamba wa Malawi wodziimira payekha anachitika mu 1966, ndipo anapeza anthu 4,039,583. Anatsatira a 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018, pomwe ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inalengeza 17,563,749. M'zaka 52 tinachuluka kupitirira kanayi.

Nkhaniyi si ya m'kalasi mokha ayi. Boma limayang'ana manambala otere pogawa mabuku, aphunzitsi, mankhwala ndi madera a aphungu. Mudzi umene wadumphidwa pa kalembera umaiwalika zaka khumi. N'chifukwa chake ndimauza ana anga kuti asamafulumire kulemba kuti "pafupifupi 660,000". Kusiyana kwake ndi 392, ndipo anthu 392 amadzaza makalasi angapo.

Ntchito ya kunyumba: 17,563,749 imagawika ndi 3 komanso ndi 7. Mukagawa ndi 21 mupeza chiyani? Ndiuzeni Lolemba.