Du anapita ku Philadelphia, anabwerako ndi chiyani?

Sabata yatha mwana wanga wamkazi wa Fomu 2 anandipeza pa benchi ndikuunjika tomato, n'kundiuza kuti iye adzaphunzira zisudzo mpaka digiri yachiwiri, kenaka azidzapanga masewero a ana. Amayi ogulitsa nyemba pambali panga anaseka mpaka kugwetsa mbale yoyezera. "Iii mwanawe, sewero amapitira ku yunivesite? Si zobadwa nazo zimenezo?" Ine sindinaseke. Ndinakumbukira Du.

Pa siteji sindinamuonepo, chifukwa pomwe amamwalira mu February 1999 n'kuti ndili ku pulayimale. Ndinamudziwira kwa achemwali anga aakulu, omwe mpaka lero akamamutchula amachita kuimirira. Dunduzu Chisiza Jr anabadwa mu 1963, patangopita miyezi ingapo bambo ake, Dunduzu wandale uja, atafa pa ngozi ya galimoto ku Thondwe. Anakulira mu nthawi ya mpikisano wa ATEM, womwe aphunzitsi a Chingerezi anauyambitsa mu 1969. Tinene zoona, cholinga cha aphunzitsiwo chinali choti ana a sekondale azilankhula Chingerezi mosadodoma, zisudzo zinali ngati ndiwo chabe. Koma Du ali ku HHI ku Blantyre analemba The Deceased's Attack, n'kupambana nalo mu 1982. Ndiye luso anali nalo asanakwere ndege. Apa amayi a nyemba aja sananame.

Nanga ku Philadelphia, komwe anakatenga digiri ya masitazi, anakatolako chiyani? Atabwerako mu 1987 anaimika Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu loyamba m'Malawi muno lotenga zisudzo ngati ntchito yodyera, osati zongotayitsa nthawi poweruka ku ofesi. Ife a mumsika izi timazimva msanga. Kudziwa kukazinga mandasi okoma n'kwina, kudziwa kuwerengera ufa, mafuta, nkhuni ndi chiphaso cha khonsolo kuti mawa udzakazingenso n'kwinanso. Gulu lotere limafuna kuyeserera tsiku ndi tsiku, galimoto, zitupa zapakhomo, komanso sewero latsopano anthu asanatope ndi lakale. Du analemba masewero oposa 20, monga Papa's Empire, Educating Mwalimu ndi Democracy Boulevard, ndipo ankazungulira nawo m'maholo a m'tauni ndi a m'sukulu. Musaiwale kuti kuyambira 1968 kunali bungwe la boma lomwe limayamba lawerenga sewero lisanaonetsedwe. Wolemba amayenera kubisa mawu moti bwana wa chidindo asaone kanthu, koma mnyamata wa Fomu 4 wakhala kumbuyo kwa holo amve zonse.

Koma pali pomwe ine ndimadandaula. Masewero a Du ambiri anali a m'Chingerezi, choncho anthu ake anali ana a sekondale ndi ophunzira a m'tauni. Amayi anga, omwe anagulitsa pa benchi yomweyi zaka zambiri, sanapondeko. Iwo zawo zinali Kwathu, Izeki ndi Jakobo, ndi Sewero la Sabata Ino pa wailesi ya MBC.

Sukulu yapamwamba yomweyo inatembenuzira munthu wina kwina. Chris Kamlongera anakaphunzira ku Leeds, ku England, mpaka udokotala, ndipo ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba. Iye ndi David Kerr anatulutsa Travelling Theatre ya pakolejipo m'holo n'kupita nayo kumidzi: ku Mbalachanda m'boma la Mzimba mu 1981, kenaka m'midzi yozungulira Liwonde pa nkhani za umoyo. Kumeneko kunalibe makatani kapena magetsi. Sewero limachitikira pabwalo, m'chilankhulo cha eni mudzi, oonerera n'kumayankha nawo. Wina anaoloka nyanja n'kubwera ndi kampani, wina anaoloka n'kubwera kudzakhala pansi pa mtengo.

Tsono taonani amene anatsala. Pabwalo lililonse amene amathamangira kutsogolo n'kukhala pa fumbi ndi ana aang'ono. Koma nkhani za zitsime ndi zimbudzi zinali za makolo awo, ndipo Chingerezi cha Du chinali cha achimwene awo. Mwana wa Sitandade 3 amangoonera za eni. Ine pa msinkhu umenewo sewero lopangira ineyo sindinalionepo, kupatula la Khirisimasi kutchalitchi, momwe chaka chilichonse ndimakhala nkhosa.

Za undale wa Du sindichedwapo. Mu 1993 analandira unduna wa achinyamata, masewero ndi chikhalidwe m'boma la Kamuzu, ndipo achemwali anga amati anzawo ena anamunyanyala kuyambira pamenepo. Chomwe chimandigwira mtima ndi Gertrude Kamkwatira. Iye anasulidwa m'gulu la Du momwemo, Du atapita anatsogolera Wakhumbata, kenaka anayambitsa Wanna-Do, mpaka naye anatisiya mu 2006. Zomwe munthu mmodzi anakaphunzira ku Philadelphia zinafika kwa ena omwe sanalipire fizi ya kumeneko.

Mwana wanga ndinamuuza kuti ayambe wakhoza MSCE, za digiri yachiwiri tidzakambirana ndikadzaona komwe kungachokere ndalama ya yoyamba. Anangoti chabwino, n'kupempha chitenje changa chakale ndi duku. Lachisanu akusewera ngati agogo a kumudzi, m'Chingerezi. Amayi a nyemba aja akuti apita nawo, bola ndiziwamasulira.