Adakhala Pansi Ndani Pokonza Chinenero Chathu?

Msewu waukulu wochoka ku Dedza kulowera ku Ntcheu, umene umadutsa pa mphambano ya Bembeke, m'malo ena monga pa Lizulu ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique. Anthu a tsidya lino ndi a tsidya ilo, ku Angonia, ndi apachibale: amalima kachewere yemweyo, amakwatirana, amalirana maliro, ndipo pamsika amanenerera malonda m'chinenero chimodzi. Koma ana ao akagwira cholembera, mawu omwewo amawalemba mosiyana, ndipo ngakhale dzina la chinenerocho kuno timalemba kuti Chichewa pamene uko amalemba kuti Cinyanja. Kusiyanaku sikudabadwire m'midzi ai. Kudachokera m'zipinda za misonkhano ku Zomba, ku Lilongwe, ku Maputo mpaka ku London, kumene anthu owerengeka ankakhala pansi ndi kugamula za chinenero cha anthu miyandamiyanda. Tiyeni tsono tiitsate mbiri ya misonkhano imeneyi titaima pa Bembeke, pakuti zogamulidwa kumeneko zinkadzatera m'makalasi ndi m'matchalitchi a kuno.

Ansembe a chipani cha White Fathers, amene adayamba ntchito yao ku Mua m'chaka cha 1902, adakwera phiri nadzatsegula mishoni ya Bembeke m'chaka cha 1910. Patapita zaka, pamalo ozizirawa padakhazikika zinthu ziwiri zimene zimagwira chinenero pakhosi: sukulu yophunzitsa aphunzitsi, ndiponso makina osindikizira mabuku, amene pambuyo pake adasamukira ku Likuni m'chaka cha 1949. Munthu wolankhula alibe vuto ndi zilembo. Koma wosanja zilembo zachitsulo chimodzichimodzi sangathawe funso: kodi alembe "cifukwa" kapena "chifukwa"? Kodi "ndi" amumatize ku liwu lotsatira kapena amulekanitse? Masiku amenewo mishoni iliyonse inali ndi yankho lakelake. A ku Blantyre ankatsata Chimang'anja cha m'dikishonale ya David Clement Scott ya 1892, a ku Likoma ankalemba Chinyanja cha kunyanja, a Dutch ankatsata kalankhulidwe ka chigawo chapakati, ndipo ansembe athu, ambiri a iwo olankhula Chifalansa, ankalemba monga m'mene makutu ao ankamvera.

Oyamba kuona kuti mutu umodzi susenza denga anali abale athu a mipingo ina. M'chaka cha 1900 adapanga komiti yoti amasulire Baibulo limodzi la onse, ndipo ntchito yaikulu idagwera William Murray wa mishoni ya Dutch, mothandizana ndi Amalawi odziwa chinenero chao. Buku Lopatulika lidatuluka lathunthu m'chaka cha 1922. Akatolika sadali nawo pa tebulo limenelo, poti nyengo imeneyo mipingo inkayang'anizana ndi diso lofiira. Tidadikira mpaka 1966 kuti tilandire Malembo Oyera, ntchito ya Bambo Louis Villy. Ndipo kuti onse akhale pamodzi ndi kutulutsa Buku Loyera, padayenera kufika chaka cha 1998. Wina angadabwe kuti zaka zonsezi zidathera pa chiyani. Taganizani za liwu limodzi lokha: chimene ife timati chaulere, anzathu amati chisomo. Aliyense adaliyamwa liwu lakelo ali mwana, ndipo kulisiya kumamveka ngati kusiya mayi.

Boma la atsamunda lidalowa m'nkhaniyi mochedwa. Lidakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro m'chaka cha 1926, chaka chomwe ku London kudabadwa bungwe loona za zinenero ndi miyambo ya mu Africa, limene lidafalitsa malangizo a kalembedwe. M'chaka cha 1927 boma lidaitana amishoni ku msonkhano wa maphunziro ku Zomba, ndipo m'chaka cha 1931 padatuluka malamulo a kalembedwe ka Chinyanja. Kunena zoona ntchitoyi inali yofunika, ndipo sitinganyoze anthu amene adaigwira. Koma tikaonetsetsa amene ankaitanidwa, tipeza kuti ochuluka zedi anali azungu. Aphunzitsi ndi akatekisiti achikuda, amene adawaphunzitsa azunguwo chinenerocho liwu ndi liwu, ankafunsidwa pakhonde, chigamulo chikuchitikira m'nyumba. Boma litafuna kuti Chinyanja chikhale chophunzitsira dziko lonse, a kumpoto, mothandizidwa ndi mishoni ya Livingstonia, adakana kwamtuwagalu, ndipo pofika 1947 Chitumbuka chidavomerezeka pambali pa Chinyanja.

Apa tiime pang'ono, abale, chifukwa pali chinenero china chimene chidafera m'mapiri omwe ano popanda wochiitanira msonkhano. Dera la Bembeke ndi madera oyandikana nalo ndi kwao kwa Angoni a kwa Maseko, amene makolo ao adachoka kum'mwera kwa Africa nadzakhazikika ku Domwe, mu Angonia, asanafalikire ku Ntcheu ndi ku Dedza. Adabwera ndi chinenero chao, mbale wake wa Chizulu ndi Chiswazi. Koma ankhondowo adakwatira akazi a mitundu imene adaigonjetsa, ndipo mwana amaphunzira kulankhula pamsana pa amake, osati pabwalo la abambo ake. Motero zidzukulu za ogonjetsa zidakula zikulankhula chinenero cha ogonjetsedwa. Pamene Angerezi ankapha Inkosi Gomani woyamba m'chaka cha 1896, Chingoni chinali chitayamba kale kuchepa mphamvu. Amishoni atafika adapeza kuti anthu ambiri akumva Chinyanja, ndipo katekisimu, nyimbo ndi mabuku a sukulu zonse zidalembedwa m'Chinyanja chomwecho. Palibe amene adachiletsa Chingoni. Chidangosiyidwa kunja kwa kalasi ndi kunja kwa makina osindikizira, basi. Chatsalira m'maina a mafuko monga Maseko, Ngozo ndi Nzunga, m'mawu olemekezera mafumu, ndi m'nyimbo za ngoma, zimene ovina ambiri amaziimba ndi mtima wonse koma osatha kumasulira tanthauzo lake. Katswiri wa zinenero Pascal Kishindo adalembapo m'chaka cha 2002 za kuyesa kuchitsitsimutsa Chingoni, ndipo adaonetsa kuti ndi ntchito yovuta kwabasi.

Msonkhano umene udasintha Lamulungu lathu udachitikira kutali kwambiri. Pa 4 December 1963 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udalola kuti zinenero za anthu zilowe m'mapemphero a Eklezia, m'malo ambiri momwe munali Chilatini chokha. Nthawi imeneyo Bembeke linali kale likulu la Ambuye Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe m'chaka cha 1937 ndiponso woyamba kukhala episkopi m'chaka cha 1957. Chichewa chidakwera paguwa.

Kenaka padadza chaka cha 1968. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress Party ku Lilongwe udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa, chikhale chinenero cha fuko, ndipo kuti icho ndi Chingerezi ndizo zigwire ntchito za boma. Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, osabwereranso pa wailesi mpaka 1994. Uwu sudali msonkhano wa akatswiri, ndipo wotsutsa padalibe. M'chaka cha 1972 kudakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board, limene lidatulutsa malamulo a kalembedwe m'chaka cha 1973, ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Achikulire akukumbuka pologalamu ya Tiphunzire Chichewa pa MBC. Bungweli lidagwira ntchito yooneka, koma linkagwira likuyang'ana nkhope ya munthu mmodzi. Dr Kamuzu Banda, amene ali wophunzira ku Chicago adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba galamala ya Chichewa ya 1937, ankadziona ngati mwini chinenero, ndipo nthawi zina ankadzudzula kalankhulidwe ka anthu ali pa nsanja. Aphunzitsi amene adaphunzira kulemba "c" pa Bembeke adayenera kuyamba kuchonga ndi inki yofiira chilembo chimene iwo eni adakulira. Ku Zambia "c" adatsala. Ku Mozambique, akatswiri a pa yunivesite ya Eduardo Mondlane adachititsa msonkhano wao woyamba wa kalembedwe ka zinenero za dzikolo ku Maputo m'chaka cha 1988, nawonso nasunga "c", ndipo pakati pa 1993 ndi 1997 adayesa kuphunzitsa ana m'Cinyanja m'sukulu zina za ku Tete. Umu ndi m'mene malire a pa Lizulu adalowera m'makope a ana.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, Chichewa Board idathetsedwa, ndipo m'chaka cha 1996 ku Zomba kudatsegulidwa Centre for Language Studies pansi pa Yunivesite ya Malawi, motsogoleredwa ndi Al Mtenje, kuti isamale zinenero zonse za m'dziko muno. Chaka chomwecho unduna wa maphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chinenero cha kwao. Lamulo lidatuluka mabuku kulibe, aphunzitsi asanakonzekere. Pofuna kulipatsa miyendo, bungwe la ku Zombali lidayamba kuchititsa misonkhano ya akatswiri, woyamba ku Mangochi m'chaka cha 1999, ndi chithandizo cha bungwe la ku Germany la GTZ. Tsopano okhala pa tebulo anali Amalawi, ndipo panali ufulu wotsutsana. Chimenechi ndi chinthu chachikulu. Komabe tisabise: zokambiranazo zidasindikizidwa m'Chingerezi, ndiye kuti mayi wa kwa Kamenyagwaza, amene mwana wake ndiye ankakambidwa, sakadatha kuziwerenga. Makolo ambiri, poona kuti ntchito zimapezeka ndi Chingerezi, ankaliopa lamulolo, ndipo mawu a akatswiri sadawafikire mokwanira kuti awachotse mantha. Mapeto ake, m'chaka cha 2014 boma lidalengeza kuti Chingerezi ndicho chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Zipatso zina zidatsala ndithu, monga Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa m'chaka cha 2000, womasulira mawu athu m'chinenero chathu chomwe, ndiponso kalembedwe kogwirizanitsa Malawi, Mozambique ndi Zambia kamene bungwe la CASAS la ku Cape Town lidasindikiza mu 2001, ngakhale maiko atatuwa adapitirira kulemba aliyense mwa njira yake.

M'chaka chomwecho cha 2014, kampani ya Google idaika Chichewa pa makina ake omasulira zinenero. Mdzukulu wobadwira ku Johannesburg, amene Chichewa amangochimvera pa foni agogo ake akamamuyankhula, akhoza kulemba chiganizo cha Chingerezi n'kuona Chichewa chake pomwepo. Makina oterewa saphunzira pamsana pa mayi. Amaphunzira pomeza zolembedwa zochuluka zimene zili pa kompyuta ndi pa intaneti, ndipo m'zinenero zonga chathu gawo lalikulu la zolembedwazo ndi Baibulo, mabuku a mipingo ndi nkhani za m'nyuzipepala. Choncho zimene adagwirizana a komiti ya 1900, a 1931 ndi a 1973 ndi zomwe makinawo akutibwezera, pamodzi ndi mikangano yao yosatha ija ya "c" ndi "ch". Mwambi wa agogo, nthabwala ya pamtondo, mawu a wolima kachewere otchulira matenda a mbewu yake, izi makina amaphunthwa nazo chifukwa zidalembedwa pang'ono, ndipo mabuku ambiri akale a m'mamishoni akadali pa pepala, m'makabati. Okonza misonkhano ya zinenero ndi makompyuta ayambanso kulemba maina a oitanidwa, ndipo funso lija la ku Zomba labweranso: kodi mphunzitsi wopuma wa pa Bembeke, kapena gogo wa ngoma amene akutha kumasulirako mawu angapo a Chingoni, adzamuitanira m'nyumba, kapena adzamufunsira pakhonde?