Manambala a zilolezo za fayilo: 644 ndi ziro wa kutsogolo

Ana athu ambiri ku Tottenham amaphunzira kulemba mapulogalamu, pakuti kuyambira 2014 sukulu za boma ku England zimaphunzitsa za makompyuta. Ku Tottenham Hale n'kumenenso koleji ya Ada, ya maphunziro a makompyuta, inatsegulidwira mu 2016. Mwana akayamba kugwiritsa ntchito Linux, monga pa Raspberry Pi, amakumana ndi manambala onga 644 kapena 755. Manambalawa amanena amene angatsegule fayilo.

Dongosololi linachokera ku Unix, imene inayambika ku Bell Labs ku America mu 1969. Nambala yoyamba ndi ya mwini fayilo, yachiwiri ndi ya gulu lake, yachitatu ndi ya ena onse. Kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kuyendetsa pulogalamu ndi 1, ndipo timaphatikiza. Choncho 644 akutanthauza kuti mwini awerenge ndi kulemba, enawo angowerenga. Fayilo ya chithunzi cha pasipoti kapena kalata ya ku banki, pa kompyuta imene timabwerekana pakhomo, iyenera 600: mwini yekha basi.

Manambalawa amawerengedwa m'magulu a 8, njira yotchedwa octal, pamene ife tinazolowera magulu a 10. Lamulo la chmod limadziwa lokha zimenezi. Koma m'chilankhulo cha C ndi cha Ruby tiyenera kuika ziro kutsogolo, 0644, ndipo mu Python 3, imene inatuluka mu 2008, timalemba 0o644.

Vuto limabwera tikamalemba kachigawo ka C kothandizira Python kapena Ruby. C amangolandira nambala, sadziwa mmene inalembedwera. Tikaiwala ziro, 644 wamba amakhala 1204 mu octal: mwini angathe kulemba koma osawerenga, gulu lilibe chilolezo, pamene anthu ena onse akuwerenga. Chinsinsi chathu chimakhala pambalambanda.

Choncho nambala ikafika ngati mawu, tiisinthe ndi strtol, n'kuiuza kuti ndi ya magulu a 8. Poionetsa tigwiritse ntchito %o. Tikaona 420 tisadabwe, ndi 0644 yemweyo m'kawerengedwe ka masiku onse. Pomaliza tilembe ls -l: fayilo ya 644 imaoneka -rw-r--r--, ya 600 imaoneka -rw-------.