Kobiri loyamba la mwana wa ku Mualadzi

Adzukulu anga, mukamadandaula kuti mnyamata wa ku Mualadzi alibe pogwira, sendezani mipando kuno ndikuuzeni mmene ife tinkapezera kobiri, nthawi imene boma lathuli linkatchedwa Vila Gamito. Dzinalo Apwitikizi analiika pokumbukira msilikali wawo, Gamitto, amene anadutsa m'dziko lino la Amaravi mu 1831 pa ulendo wopita kwa mfumu Kazembe. Ife zimenezo sitinkazidziwa. Chimene tinkadziwa n'chakuti ku Vila kuli kantina, kuli sikelo, kulinso asupayi.

Mnyamata akangoyamba kugona kumphala, amayi ake ankaleka kumugulira kabudula. Palibe ankakuuza, koma unkadziwa wekha kuti chigamba cha kumbuyo chikang'ambika, umenewo ndi mlandu wako. Ndiye tinkalowa m'tchire.

Ine ndalama yoyamba ndinaipezera pa phula. Atsibweni anga ndiwo anandiphunzitsa kusenda khungwa la mombo lathunthu, kulilumikiza ndi zikhomo za mtengo, kutseka uku ndi uku n'kusiya kabowo kolowera njuchi, kenako kukweza mng'omawo pamphanda ya mtengo wautali. Amene analibe mng'oma ankatsata nsadzu, mbalame ija imalira patsogolo pako, iwe ukuiyankha ndi likhweru, mpaka itakufikitsa pamphako. Kufula kunali kwa madzulo, ndi muuni wosakaniza udzu wauwisi kuti utsi uchuluke. Uchi tinkadya pakhomo. Malonda anali pa zisa zotsala. Tinkaziphika mumphika wakale mpaka zitasungunuka, n'kuzithira pa chiguduli, awiri tikufinya ndi timitengo, zamadzizo zikugwera m'mbale ya madzi ozizira. Kukacha unkapeza phula litauma pamwamba, lachikasu ngati dzungu lakupsa. Unkapala litsiro la kunsi ndi mpeni, n'kulikulunga m'masamba.

Mwini kantina asanaliike pa sikelo ankayamba walithyola pakati, chifukwa anyamata ena ankamiza mwala m'kati phula lisanaume. Mnzanga wina wa kumphala anagwidwa choncho, ndipo ife tonse a m'mudzi mwathu tinatha miyezi tikugulitsa motsika chifukwa cha iye. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa, poti mbola zinali zitatilowa tonse mofanana.

Tsiku langa loyamba ndinabwera ndi maeskudo ochepa ndi kinyenta imodzi, nditamanga pa kansanza. Sindinapite nazo kumphala. Ndinagwada n'kupereka kwa amayi, amayi anakaonetsa atsibweni. Anachotsapo ya mchere ndi ya sopo, yotsalayo anandibwezera. Mwambo unali umenewo: ndalama ya mwana inkayamba yaonedwa ndi akulu, ndipo mwanayo ankayenera kunena kumene waitenga.

Chilimwe chikafika, lupsa litadutsa, inali nyengo ya mbewa. Tinkatchera madiwa ndi kukumba mauna, n'kuziwamba, n'kuzipana pa mpani kukagulitsa pamowa. Ena ankaluka mphasa ndi madengu, ena ankasema mipini, ena ankalembedwa ubusa kwa eni ng'ombe. Alongo athu nawo sankakhala chete kukuka. Ankazula bowa, kutola masuku, kugwira mphalabungu n'kuziyanika, kusinja chimanga pa ganyu, ndipo amene anali ndi agogo odziwa dongo ankaumba mbiya n'kusinthanitsa ndi chimanga chodzaza mbiyayo. Mtsikana wolimbika ankafika pa ukwati ali ndi nkhuku zake, mwinanso mbuzi.

Za golide tinkangomva kwa agogo aakazi. Ankatiuza kuti kale, m'masiku a mfumu Undi wa ku Mano, amayi ndiwo ankapeta mchenga wa m'mitsinje m'mbale zamtengo, cha ku Chifumbazi ndi ku Misale, n'kusunga fumbi lofiiralo m'nthenga za mbalame kuti akasinthe ndi nsalu ndi mikanda. Koma ankawonjezera kuti golide ndiye anaitana anthu a mfuti m'dziko muno, ndipo ambiri opeta anali akapolo. Ankanena mawu amenewa akuyang'ana pansi.

Chimene chinkathetsa ubwana wathu chinali msonkho. Ukangomera tsitsi kukhwapa, mfumu inkakulembetsa, ndipo phula ndi mbewa sizinkakwaniranso. Wolephera kukhoma ankamutenga asupayi, mbalamatodya m'manja, kenako chibalo cha pamsewu. Chibalocho anati chathetsedwa mu 1961, koma kuno kutali ndi likulu lija la Lourenço Marques mantha ake anakhalitsa. N'chifukwa chake anyamata tinkadzuka usiku, ufa m'kathumba, n'kudutsa malire wapansi kupita ku mafamu a fodya a azungu a ku Fort Jameson, kumene lero mumati Chipata. Kumeneko mwana ankapatsidwa ntchito yothyola maluwa a fodya, kugwira mbozi ndi kusoka masamba pa ndawala, malipiro ake mashiling'i, chakudya chake mgaiwa ndi nyemba. Akuluakulu athu ankapitirira, kukwera malole a Ulere mpaka ku Salisbury. Ena anabwerako ndi njinga ndi bulangete. Ena sanabwerenso, anasanduka matchona. Ine ndinabwera ndi bulangete, nsalu ya amayi ndi chifuwa chimene chinanditengera nyengo yonse ya dzinja.

Mu 1968 nkhondo ya ufulu inalowa m'chigawo cha Tete, ndipo m'tchire simunalowekenso. Ufulu unabwera mu 1975, metikali mu 1980, kenako nkhondo yapachiweniweni ija imene inatithamangitsira ku Zambia ndi ku Malawi, ena mpaka ku msasa wa othawa kwawo wa Ukwimi. Pobwerera mtendere utasainidwa mu 1992, tinapeza ming'oma itagwa, ndipo ambiri odziwa kuipanga tinawasiya m'manda a kwa eni.

Lero ndikuona ana a zaka 14 akutsikira m'maenje a golide opanda chochirikiza makoma, ena akusuka mchenga ndi mtovu wamadzi wotchedwa mekyule ndi manja, ena akujomba kusukulu nyengo yosankha fodya. Sindikuwadzudzula. Njala ya sopo ndi nsapato ndimaidziwa. Koma ife sukulu inatimana, inu ili pakhomo, ndipo ndalama yokuchotsa m'kalasi ndi yodula kuposa mmene ikuonekera. Dimba la tomato ndi anyezi limathiriridwa m'mawa ndi madzulo. Nkhuku sizikuletsa kuwerenga. Njuchi zimakugwirira ntchito iwe uli pabenchi. Mng'oma wa khungwa unkapha mtengo, zimenezo ndikuvomera, ndipo mombo ukutha kale ndi makala ndi zigafa. Khomani wa matabwa.

Inu amayi ndi inu atsibweni, mudulireni mwana kachigawo ka dimba kakhale kake, ndipo akabwera ndi ndalama mufunseni kumene waitenga, monga ankatifunsira ife. Ndikadali ndi ming'oma iwiri kuseri kwa dimba langa. Mdzukulu wofuna kuphunzira kufula ndi kuphika phula, wamwamuna kaya wamkazi, abwere Loweruka dzuwa litapendeka, atenge mphika wakale ndi chiguduli.