GeoCities

GeoCities inali kampani ya ku America yomwe inkapatsa anthu wamba malo aulere oti amangepo masamba awoawo pa intaneti. Anaiyambitsa ndi David Bohnett ndi John Rezner mu 1994 ku California, ndipo poyamba inkatchedwa Beverly Hills Internet. Dzina loti GeoCities inalitenga mu 1995. Pofika mu 1999 inali pa nambala yachitatu pa mawebusaiti omwe anthu ankatsegula kwambiri, ndipo inkaposedwa ndi AOL ndi Yahoo! basi.

Madera ake

Masamba sankasanjidwa potsata mayina a eni ake. Kampaniyi inagawa malo ake m'madera ngati a mumzinda, ndipo wolembetsa ankasankha dera logwirizana ndi zokonda zake. Okonda mafilimu ankapita ku Hollywood, okonda makompyuta ku SiliconValley, otsata za ndalama ku WallStreet, pomwe okonda nthano za zamoyo za kumapulaneti ena ankasonkhana ku Area51. Aliyense ankapatsidwa nambala yonga ya nyumba, moti keyala ya tsamba lake inali dzina la dera ndi nambalayo.

Dera la NapaValley, lomwe linatenga dzina la chigwa cha ku California chodziwika ndi ulimi wa mphesa, linali la okonda zakudya ndi vinyo. Kumeneko munthu ankalemba kaphikidwe komwe anaphunzira kwa agogo ake, kapena ankafotokoza chakudya chachilendo chomwe wangolawa koyamba: chinkaoneka bwanji, chinamukomera kapena ayi, komanso zomwe zinachitika atayesa kuchiphika yekha kunyumba.

Eni masamba

Ambiri mwa eni masambawa sanali akatswiri a makompyuta. Ankadziphunzitsa okha HTML, chinenero cholembera masamba a pa intaneti, madzulo akaweruka kuntchito kapena kusukulu. Munthu akaona tsamba lomusangalatsa, ankatsegula malamulo olembedwa kuseri kwake, n'kuwakopera, n'kumasintha mzere umodziumodzi kuti aone chomwe chisinthe. Intaneti ya nthawiyo inkadzera pa waya wa lamya ya m'nyumba, choncho wina akakhala pa kompyuta kukonza tsamba, anthu oimbira foni pakhomopo ankalephera kulowa. Malo aulerewo poyamba anali ma megabyte 2 okha, omwe sangakwane ngakhale chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi mafoni ambiri a masiku ano.

Masamba a GeoCities ankadziwika msanga ndi maonekedwe ake. Ankakhala ndi zilembo zothwanima, tizithunzi toyenda ta GIF, nyimbo zoyamba kulira zokha tsamba likangotseguka, kachida kowerenga alendo ndi buku loti alendowo asiyemo mawu. Ambiri ankaikaponso kachithunzi ka munthu wokumba ndi fosholo, kusonyeza kuti ntchito yomanga idakali mkati, ndipo pa masamba ochuluka kachithunzi kameneka sikanachotsedwe n'komwe. Akatswiri okonza mawebusaiti ankanyoza masambawa kuti ndi onyansa. Kunyozako kunali ndi chifukwa, popeza ena anali ovuta ngakhale kuwawerenga, koma kwa anthu mamiliyoni aka kanali koyamba kufalitsa zolemba zawo popanda kudzera kwa mkonzi wa nyuzipepala kapena wosindikiza mabuku.

Kugulidwa ndi kutsekedwa

Mu Januwale 1999, kampani ya Yahoo! inalengeza kuti igula GeoCities ndi masheya okwana madola 3.57 biliyoni. Chaka chomwecho inatulutsa malamulo atsopano oipatsa ufulu waukulu wogwiritsa ntchito zolemba ndi zithunzi za anthu. Eni masamba anakwiya, ena n'kusamuka, mpaka kampaniyo inafewetsa malamulowo. Kenako dongosolo la madera lija linathetsedwa kwa olembetsa atsopano. M'zaka zotsatira anthu anakhamukira ku MySpace ndi Facebook, komwe munthu amatha kulemba ndi kuika zithunzi osadziwa HTML.

Mu Epulo 2009, Yahoo! inalengeza kuti itseka GeoCities, ndipo inaitsekadi pa 26 Okutobala chaka chomwecho. Pa nthawiyo panali masamba pafupifupi 38 miliyoni. Eni ena anali atasiya kalekale kuwasamalira, ena anali atamwalira, kotero panalibe wowasamutsa. Gulu la anthu odzipereka lotchedwa Archive Team, lomwe anayambitsa ndi Jason Scott, linathamanga kukopera zomwe likanatha tsiku lotseka lisanafike, ndipo mu 2010 linatulutsa ma gigabyte opitirira 600 kuti aliyense wofuna asunge. Bungwe la Internet Archive linapulumutsanso masamba ena. Omwe sanakoperedwe anafufutika.

Nthambi ya ku Japan yokha ndiyo inapitiriza kugwira ntchito mpaka pa 31 Malichi 2019. Mu 2013, Kyle Drake anayambitsa Neocities, yomwe imaperekanso malo aulere kwa anthu ofuna kudzilembera okha masamba awo ndi HTML.